Dizilo pa Bwalo la Basiketi

Anamutulutsa masewero asanathe. Kochi anakweza dzanja, wezulo n'kulira, mwana wanga n'kutuluka m'bwalo akukoka miyendo. Pa benchi sanakhale. Anawerama, manja pa mawondo, kukamwa kuli yasa ngati nkhuku ya mu Okotobala. Ine ndinali kuseri kwa waya, ndili mu ovolosi, ufa wa matumba udakali m'tsitsi.

Mpira wake ndi uja woponya m'ringi, wa basiketi. Kwathu sindinauonepo. Ndinauonera kuno ku Joni, pa bwalo la simenti la m'komboni ya Alex, pomwe ringi imodzi ndi yopindika ndipo neti inatha kalekale. Malamulo ake sindiwadziwa bwino. Chomwe ndinkaona n'chakuti masewero akamayamba, panalibe womugwira mwanayo. Ankalumpha, mpira n'kulowa osakhudza chitsulo. Koma chigawo chomaliza chikafika, ankasanduka nkhalamba.

Kochi anabwera ku waya. Ndi Mzulu wamfupi, wamimba, wa mawu ngati hutala ya thiraki.

"Baba, mwanayu manja ali nawo. Maso ali nawo. Koma thanki yake ndi ya njinga yamoto."

Ndinangoti, "Ee."

"A sukulu ija akusankha mwezi wamawa. Iwo sayang'ana poyamba. Poyamba aliyense ndi mkango. Amayang'ana kumapeto, kuti ndani akuthamangabe."

Sukuluyo ili ku Midrand. Ndi ya ana a anthu olemera, yogonera konko. Chaka chilichonse imatenga anyamata ochepa a m'makomboni odziwa basiketi. Imawaphunzitsa, imawadyetsa, imawakonzera mapepala okhalira m'dziko muno. Mapepalawo ndiwo ankandidya mutu. Mwana wanga anabwera kuno ali kumsana kwa mayi ake. Mapepala a umwana amatha munthu akakula, ndipo ake anali atatsala pang'ono. Akatha, njira n'ziwiri: kubwerera kumudzi komwe sadziwa ngakhale njira ya ku mjigo, kapena kukaima nane pa geti la aganyu ku Marlboro, kudikira kuti kapitawo aloze chala. Ine ndaima pa geti limenelo zaka zanga zonse za kuno. Sindinkafuna kuti msana wa mwana wanga ulawe thumba.

Tinkakhala m'fakitale yakale yomwe anthu anaigawa zipinda ndi matabwa. Popita kumeneko tsiku lija, iye anali patsogolo, ine pambuyo nditanyamula chikwama chake. Tili pafupi kufika anachepetsa liwiro.

"Bambo."

"Mm."

"Mundigawireko dizilo."

Ndinaima. "Wamva kwa ndani zimenezo?"

"Ndimakuonani. M'mawa mumadzuka ngati odwala. Koma anthu amati pa thiraki mumaposa anyamata."

"Usadzatchulenso."

Dizilo ndi dzina lomwe tinawapatsa mankhwala ena ake ku ntchito. Ife timatsitsa matumba a mpunga, shuga ndi ufa. Ndife aganyu. M'mawa kapitawo amasankha omwe dzulo anatsitsa msanga. Ukafooka lero, mawa chala chimakudumpha. Wophika mankhwalawo ndi mdala wina wobadwira ku Zimbabwe, mwana wa Mmalawi wa ku migodi. Chichewa chake n'chosakanikirana ndi Chishona ndi Chifanakalo cha ku migodiko. Iye anasiya kunyamula. Amakhala pa kona ndi ndowa yake ndi timabotolo totha zakumwa. Mu mphika mwake mumalowa gondolosi wobwera pa basi kuchokera kwathu, jinja, masamba a chammwamba, ndi makungwa ofiira a ku msika wa azitsamba m'tauni. Zimenezo amaonetsa aliyense. Koma palinso ufa woyera womwe amathira atakufulatirani, ndipo dzina lake sanena.

Ukamwa, kukhosi kumayaka. Pakapita kanthawi mtima umayamba kugunda m'makutu. Njala imatha. Kutopa kumatha. Thumba limapepuka ngati pilo. Lamulo la mdalayo ndi limodzi: usamwe madzi mpaka thiraki ithe, chifukwa madzi amazimitsa moto. Ndiye timatsitsa kukamwa kuli gwa. Ukafika kunyumba tulo sitibwera. M'mawa mwake mawondo amakhala ngati phala, ndipo kuti uime pa geti ngati munthu, uyenera kumwanso. Ine ndinayamba ndi kachivindikiro ka botolo. Nthawi imeneyi n'kuti nditafika pa theka la botolo.

Panali mnzathu wina wa ku Mulanje, wamphamvu kuposa tonse. Ankamwa botolo lonse. Miyendo inayamba kutupa mpaka buti osalowa. Nkhope nayo. Tinamukweza basi akuyenda ndi ndodo. Mvula isanagwe uthenga unabwera kuti wapita. Ena anati anam'lodza kumudzi. Ena anati ndi shuga. Palibe anayang'ana ku ndowa ya mdala.

Inenso ndinapitako ku kiliniki. Nesi anandimanga lamba pa mkono, n'kuyang'ana makina ake, kenako n'kundiyang'ana ine. Anaona mkodzo wanga, wofanana ndi tiyi wopanda mkaka. Anati magazi akuthamanga kwambiri ndipo impso zatopa. Anafunsa chomwe ndimamwa. Ndinati zitsamba chabe. Anati ndisiye. Ndinati chabwino, sisita. M'mawa mwake kunabwera mathiraki a shuga, ndipo ndinamwa. Manja anga amanjenjemera. Kapu ya tiyi ndimaigwira ndi manja awiri.

Zimenezi ndi zomwe mwana wanga ankapempha.

Mayi ake amagwira ntchito ya m'nyumba ku Midrand ndipo amagona konko. Amabwera Lamlungu. Atabwera ndinawauza zomwe kochi ananena. Za dizilo sindinanene.

"Mwanayu sakukhuta," anatero. "Inu mumam'patsa buledi ndi tiyi ngati mlonda. Taonani nthiti izi."

"Amadya kuposa ine."

"Inu munasiya kukula. Uyu akukulabe, aboola denga."

Tinayesa zonse. Phala la nsinjiro m'mawa, chammwamba n'kuthiramo. Mazira. Nthochi. Chiwindi cha ng'ombe, chomwe ine ndinkangonunkhiza. Mayi ake ankabweretsa zotsala za kwa abwana m'kabakuli ka pulasitiki. Ndinam'tengera ku kiliniki. Anam'pima magazi, anamvetsera chifuwa, anati palibe matenda. Anati wangokula mofulumira, thupi silinafike pomwe pafika mafupa. Adye, agone, azithamanga pang'onopang'ono, mphamvu zibwera zokha. Kochi naye anam'patsa chitunda choti azikwera m'mawa uliwonse asanapite ku sukulu. Ankakwera. Ankabwera malaya atanyowa, n'kugwera pa matiresi.

Zonsezo zinali zabwino, koma zimafuna miyezi. Ife tinali ndi masabata.

Ku ntchito anzanga ankandiseka.

"Nanga mwana wanu wa ntchemberembaye uja? Siketi munam'gulira?"

"Mubwere naye kuno, achimwene. Kutalika konseko, thumba angamalichotse pamwamba osakwera thiraki."

Ankaseka ndi mtima wabwino. Koma mawu achiwiriwo ine sankandiseketsa.

Loweruka lina mwanayo sanatope. Chigawo choyamba anathamanga. Chachiwiri anathamanga. Chomaliza chitafika ine ndinagwira waya kudikira kuti awerame, koma iye ndiye anawonjeza moto. Ankalanda mpira kumbuyo, n'kukafika nawo kutsogolo anzake asanatembenuke. Ana a mu Alex ankamenya waya ndi mabotolo. Kochi ankadumpha, mimba ikugwedezeka.

"Baba! Mwam'dyetsa chiyani? Chimenecho musasiye!"

Ine sindinaseke. Ndinali nditaona china. Pa nthawi yopuma mnzake anam'patsa botolo la madzi, iye n'kulikankha. Nsagwada zake zinkatafuna chopanda kanthu. Maso anali tong'o. Nkhope imeneyo ndimaidziwa. Ndimaiona pa galasi la thiraki.

Lolemba ndinalawira pa kona. Mdala anali akudzaza timabotolo ndi kapu yodula, anthu atamuzungulira.

"Madala, mwana wanga mwam'patsa?"

"Uja wamtali ngati pholo ya magetsi? Anabwera yekha. Mwana waulemu, mpaka kuvula chipewa. Unalera bwino, mfana wami."

"Ndi mwana."

"Mwana wanji wondiona dazi nditaimirira? Iwe unayamba kunyamula uli ndi ndevu?"

"Musam'patsenso."

"Hawu! Ndi mitengo ya Mulungu iyi. Gondolosi anaphapo ndani? Agogo ako ankatafuna, n'chifukwa chake iwe ulipo."

Anthu anaseka.

"Nanga ufa uja?"

Mdala anasiya kuseka. Anapukuta manja pa jasi lake. "Ufa uti?"

"Woyera."

"Zaka zonsezi wakhala ukumwa osafunsa. Lero wasanduka dokotala?" Analoza ku geti. "Thiraki ikulowa iyo. Ukufuna wako kapena ndim'patse wina?"

Ndinatenga wanga.

Madzulo ndinam'peza mwanayo atagona chagada, nsapato osavula. Kuchokera Loweruka anali asanagone bwino. Ku sukulu ankawodzera. Ku chitunda sanapite.

"Dzuka. Tambasula manja."

Anatambasula. Zala zake zazitali zinkanjenjemera pang'ono, ngati tsamba kukakhala kamphepo. Ndinaika anga pambali pake.

"Ukuona?"

"Anu ndi a zaka zambiri, Bambo. Ine ndikufuna tsiku limodzi lokha. Akangondisankha ndisiya."

"Inenso ndinkati thiraki imodzi."

"Inu ndi inu."

"Unamuona wa ku Mulanje uja? Unanyamula nawo chikwama chake popita ku basi."

"Iye uja ankamwa ngati madzi."

"Anayamba ndi kachivindikiro."

Anaimirira. Mutu wake unakhudza waya wa babu. "Ndiye mukufuna chiyani? Ndikaime nanu pa geti? Anyamata enawo ali ndi maufa awo a m'zitini, ogula ku mashopu aakulu, makolo awo amawasungunulira okha. Ine ndili ndi phala. Nenani, Bambo. Ndikaime pa geti?"

Dzanja langa linakwera. Silinatsike. Sindinam'menyepo chikulire, ndipo tsaya lake linali kutali. Ndinatuluka kukakhala pa njerwa kunja.

Pa njerwapo ndi pomwe nzeru inandibwerera. Ndinalowanso.

"Kwa mdala usapitenso. Tsikulo ndidzakubweretsera ndekha. Kuyambira lero mpaka tsikulo, osakhudza. Ukwere chitunda, udye, ugone."

"Mukunena zoona?"

"Ndinayamba ndakunamizapo?"

Anagwedeza mutu kukana.

Gondolosi ndinagula kwa mayi wina wogulitsa katundu wa kwathu pomwe pamaima mabasi. Jinja ndinagula pa msewu. Chammwamba chinalipo kale. Makungwa ofiira ndinakawafuna m'tauni, ndinaloza ofanana ndi a mdala. Ndinaphika tsiku lomwe chala cha kapitawo chinandidumpha, mwana ali ku sukulu. Ndinathiramo masamba a tiyi ambiri kuti mtundu ufanane, ndi tsabola pang'ono kuti kukhosi kuyake. Ndinasefa ndi nsalu. Ndinalawa. Kuwawa kunali komweko. Fungo lomwelo. Chosowa chinali ufa woyera basi.

Ndinkati mwina mutu ndiwo umathamangitsa munthu. Akakhulupirira kuti wamwa, miyendo itsatira.

Mayi ake ndinawauza Lamlungu lomaliza, mwana atapita kukatunga madzi. Ndinawauza zonse, ndi za ufa zomwe. Anatembenukira kwa ine.

"Ndiye inu mwakhala mukumwa chimenecho?"

"Tikukamba za mwana."

"Ndikufunsa za inu."

"Mukufuna lendi ilipidwe ndi chiyani?"

Anayang'ana manja anga. Kenako anati Loweruka, tsiku losankha, sadzatha kubwera, abwana ali ndi alendo. Anati adzapemphera akutsuka mbale.

Tsikulo tinakwera tekisi m'mawa. Ine ndinavala jekete la ku tchalitchi. Masana ndinali ndi thiraki ya mpunga, kapitawo anali atandiuziratu. Ndiye ndinanyamula mabotolo awiri. La mwana linali m'chikwama. Langa, lenileni, linali m'thumba la m'kati la jekete.

Pa geti la sukulu mlonda anatiyang'ana kuyambira nsapato. Kochi anatulukira n'kutilowetsa. Udzu wa kumeneko ndi wobiriwira ngati wopenta. Bwalo lake lili m'nyumba yaikulu kuposa shedi yathu ya ku ntchito. Pansi ndi pa matabwa owala, nsapato zimalira ngati mbewa. Ringi zonse zili ndi neti. Makolo tinakhala pa mipando ya masitepe, kutsogolo kwathu kuli chitsulo chotchinga. Pa tebulo panali osankha atatu: azungu awiri ndi mayi wina wakuda wa magalasi. Mayiyo ndiye ankaoneka wamkulu wawo.

Tisanalowe, kuseri kwa zimbudzi, ndinam'patsa botolo lake. Anamwa n'kukwinya nkhope.

"Lero ndiye wakupsa."

"Pita."

Ankaseweretsa anyamatawo masewero aafupiafupi. Akatha amodzi, ena ankauzidwa kuti avule jezi. Ankatuluka ndi makolo awo osayang'ana kumbali. Wanga anadutsa oyamba. Anadutsa achiwiri. Mpira unkamumvera. Ndinayamba kupuma bwino. Ndinati nzeru yanga yagwira.

Kochi anabwera kudzakhala pafupi nane, akutuluka thukuta ngati akusewera ndi iye.

"Baba, aatali akufuna mmodzi. Watsala wanu ndi uyo wa jezi yobiriwira."

Ndinam'yang'ana wa jezi yobiriwirayo. Msinkhu wofanana ndi wa mwana wanga, koma wodzaza, mapewa ngati chitseko. Bambo ake anali atakhala kutsogolo kwathu ndi bokosi lozizira lodzaza zakumwa.

Masewero omaliza anali aatali. Chigawo choyamba wanga anali bwino. Chachiwiri ndinaona phazi likuchedwa kunyamuka. Anaponya, mpira n'kugunda kutsogolo kwa ringi. Anaponyanso, chimodzimodzi. Wobiriwira uja anam'dutsa ngati akudutsa mtengo. Kenako ndinaona chija ndinkachiopa. Mpira uli mbali ina, mwana wanga anawerama, manja pa mawondo. Mayi wa magalasi anam'yang'ana, n'kuweramira pa tebulo kulemba.

Wezulo wopumira analira. Anzake anathamangira ku madzi. Iye anabwera molunjika pa chitsulo pomwe ndinali. Ndinatsika kukakumana naye.

"Bambo, mwandipatsa chiyani?"

"Dizilo."

"Mtima sukugunda. Ndi tiyi uyu."

"Imwa madzi. Watsala pang'ono."

"Munati simunama."

Analoza jekete langa.

"Wanu ali m'jekete. Ndamuona mu tekisi, mmene mumatulutsa ndalama."

"Ayi."

"Taonani miyendoyi." Ndinayang'ana. Ntchafu zake zinkagwedezeka zokha. "Yapita, Bambo. Mayi aja andiona. Alemba. Ndikalowa chonchi ndiye basi, Lolemba tilawirira limodzi ku geti."

Ndinagwira thumba ndi dzanja, kunja kwa jekete. Botolo linali lofunda ndi thupi langa. Ndinayang'ana ku khomo. Mnyamata wina yemwe anavulidwa jezi anali ataima pamenepo ndi agogo ake aakazi, akuonerera anzake. Anali wamtali nayenso. Anali atavala kale nsapato zake za kunyumba, zong'ambika kutsogolo.

Mwana wanga anadutsitsa mkono pamwamba pa chitsulo. Anaika dzanja lake pa langa. Sanakoke. Linali lotentha, lonyowa.

"Chonde, Bambo."

Kochi ankakuwa kuti abwerere. Woimba wezulo anali ataika kale wezulo pakamwa. Kaya zala zanga ndinazitsegula ndekha, kaya zinangolephera kugwira monga zimachitira masiku ano, sindidziwa. Ndinangoona botolo lili m'manja mwake. Anatembenukira ku khoma. Sanathire m'kachivindikiro. Anapendeketsa botolo, kholingo likukwera ndi kutsika, mpaka pa theka. Mlingo wanga, wa munthu wa zaka zonsezi. Anandibwezera n'kuthamangira m'bwalo.

Poyamba palibe chinasintha. Wobiriwira anagoletsa kawiri pamutu pake. Ndinati mwina ndataya zonse ziwiri, sukulu ndi mwana yemwe. Kenako ndinaona akugwedeza mutu ngati ng'ombe yolumidwa ndi ntchentche. Anamenya chifuwa ndi chibakera. Mapazi anayamba kuvina.

Wobiriwira analumpha kuti aponye. Wanga analumpha pambuyo pake koma anafika pamwamba msanga, n'kuumenya mpirawo mpaka ku mipando. Anthu anafuula. Ataubweza m'bwalo anaulanda, n'kuthamanga nawo bwalo lonse yekha, n'kuukankhira m'ringi ndi manja awiri mpaka kulendewera. Chitsulo chinalira. Ana a sukuluyo anaimirira. Kochi anandimenya pa msana mpaka ndinatsokomola.

Sanaime. Anali kumbuyo, anali kutsogolo, anali paliponse. Kuponya kwa patali kunkaphonya, zala sizinkamvera bwino, koma iye ankathamangira mpira wophonyawo n'kuugoletsa ali pansi pa ringi. Wobiriwira uja ndiye anayamba kugwira m'chiuno. Bambo ake anasiya kukuwa.

Ine mpira sindinkauonanso. Ndinkayang'ana mtsempha wa pa khosi la mwana wanga. Unatupa ngati chingwe. Ndinkaumva mtima wake m'makutu anga. Anapumanso kamodzi, mtsikana wa sukuluyo n'kum'bweretsera madzi ozizira. Anamwetulira, n'kukana.

Masewero atatha anawaimika pa mzere. Mayi wa magalasi anayenda kutsogolo kwawo. Anagwira phewa la wamfupi wina, ndi la wina. Atafika pa aatali awiriwo sanachedwe. Anagwira la wanga.

Kochi anam'nyamula, munthu wamfupi kunyamula pholo. Kenako anandikokera m'bwalo, nsapato zanga za ku tchalitchi zikuterera pa matabwa. Mayiyo anandigwira chanza, n'kuyankhula Chingerezi chothamanga. Ndinayang'ana mwana.

"Akuti sanaonepo mnyamata wodzuka kumapeto chonchi," anatero. "Akuti ena amatopa n'kugonja, ine ndimatopa n'kupeza mphamvu zina. Akuti ndi zomwe amafuna, chifukwa kuno amasewera m'mawa ndi madzulo, tsiku lililonse. Akuti mwalera mwamuna."

Mayiyo ankadikira. Ndinati, "Zikomo, madamu."

Kunja dzuwa linali litakwera. Timipopi tinkazungulira pa udzu, kuwaza madzi. Kochi anatsalira m'kati kukamba za mapepala. Ife tinaima pafupi ndi magalimoto a makolo. Mwanayo sankatha kuima malo amodzi. Milomo inali yoyera, youma, malovu atauma m'mbali. Mawu ankatuluka othamangitsana.

"Mwaona, Bambo? Mwaona mmene ndinam'menyera uja? Akuti mapepala ayamba sabata ya mawa. Akuti chipinda n'cha anthu awiri, bedi aliyense lake. Nsapato apereka. Muwaimbire amayi, ali pafupi pompano, mwina abwana awalola atuluke pang'ono. Ayi, ndiwaimbira ndekha. Mwaona anthu aja ataimirira?"

"Ndaona. Kamwe madzi."

"Ndimwa. Koma tamverani, Bambo." Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. Anawerama kuti afike pa khutu langa. Mpweya wake unkanunkha gondolosi. "Mwamva zomwe anena. M'mawa ndi madzulo. Iwo akuganiza kuti ndili chonchi masiku onse. Ndikangofooka sabata yoyamba, aitana wobiriwira uja, ine andibweza. Ndiye muwauze madala aja azindisungira. Osati wambiri. Muzibwera naye Lamlungu, pa geti muziti ndi mankhwala a chifuwa. Mpaka ndizolowere basi. Ndikangozolowera ndisiya."

Ndinam'yang'ana. Ankamwetulira. Phazi lake linkagogoda pansi lokha.

"Koma akhale weniweni, osati tiyi wanu uja," anatero, n'kuseka. "Bambo? Mwamva?"

Chikwama chake chinali pa phewa langa. Ndinachitsitsa, n'kuchiika pa mapazi ake. Ndinatembenuka n'kuyamba kuyenda. Anaitana kamodzi. Anaitananso, mawu atasintha. Mlonda anandiona ndikubwera, n'kutsegula kageti kakang'ono ka oyenda pansi. Ndinatuluka.